Thanki ya Alamu Yayambanso Kupuma

Pabanja pathu panalibe munthu wolimbirana malo m'galimoto ya alamu anga. Kukagwa ukwati kapena maliro kumudzi, aliyense ankapezeratu chifukwa chake: uyu ali ndi zogula ku Limbe ndiye abwera pa minibasi, uyo mwana wadzuka ndi chimfine. Amene mabodza amuthera ndiye ankakwera, n'kukhala kumbuyo mphuno ataitulutsa pawindo kuyambira ponyamuka mpaka pofika. M'katimo petulo ankanunkha kuti guu. Fungolo linkalowa m'zitenje, m'buledi, ngakhale mu ufa wa m'thumba lomanga bwino. Achemwali anga, eni ake a mwamunayo, anafika poletsa kunyamuliramo ndiwo, ati chambo chinkafika kukhitchini chitathiridwa kale mafuta olakwika.

Poiyang'ana ndi galimoto yabwinobwino, yasiliva, yochokera ku Japan, inatsika sitima ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe monga amachitira magalimoto ambiri a m'misewu yathu. Alamu amaperekera katundu m'magolosale, kuchoka ku Limbe kutsetsereka mpaka ku Nchalo. Koma fungo linali chiyambi chabe.

Pomwetsa mafuta pankakhala chionetsero chaulere. Wothira akangofinya, mpopi unkati kha! Afinyenso, kha! Ankachita kudontheza pang'onopang'ono, mzere kumbuyo ukukula, mahutala akulira, ena akutukwana makolo a alamu amene anagona kalekale osalakwira munthu. Anyamata ena othira mafuta akaiona ikukhota, ankakumbukira mwadzidzidzi kuti abwana akuwafuna mu ofesi. Chivindikiro cha thanki nachonso chinali ndi nyimbo ziwiri. Masana ku Nchalo, mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, ukachipotokola chinkati psiii, mpweya wotentha n'kukuwomba kumaso. Madzulo paulendo chinkati fyuuu, mpweya ukulowa, ndipo pansi pa galimoto pankamveka kuti dugu.

Choseketsa kwambiri, kapena choliritsa ngati unali m'katimo, n'chakuti galimotoyi inkakonda kuzima thanki ili yodzaza. Alamu amwetse mafuta kuchigwa, adutse pa Thabwa, ayambe kukwera mapiri okhotakhota aja opita ku Blantyre, pakati penipeni pa chitunda injini iyambe kutsokomola, kenako zii. Iwo ankatsika, kuika mwala kutayala, kutsegula chivindikiro kuti aone ngati mafuta alimodi, kudikira pang'ono, n'kuliza. Inkalira bwinobwino. Ankati galimoto yawo imangotopa ndi chitunda basi. Sanaganizepo kuti mankhwala anali m'dzanja lomwe latsegula chivindikirolo.

Ndalama zinapita. Pampu ya m'thanki anasintha, mapulagi anasintha, fyuluta anasintha. Azakhali ena anafika ponong'oneza kuti kumsika kuli anthu ansanje, galimotoyi aitchera.

Amene anamasula mfundoyi ndi amakaniko ena achikulire a ku Ndirande, a galaja ya pansi pa mtengo wa mango, anthu osathamangira sipanala. Boneti sanaikhudze poyamba. Anatsegula chivindikiro khutu lili tcheru, anachitembenuza n'kuchiyang'anitsitsa, anatukula mpando wakumbuyo n'kununkhiza, ndiyeno anafunsa:

"Bwana, mukamamwetsa mafuta mumaigwedeza galimotoyi?"

Alamu anayankha chifuwa chili patsogolo. Kuyambira nthawi ya mizere ya mafuta mu 2022, pamene munthu unkagona pa filing'i siteshoni osadziwa kuti thankala ina ibwera liti, iwo anaphunzira luso. Ankakweza tayala limodzi lakumbuyo pa njerwa, n'kuitana anyamata kuti aikankhe galimoto uku ndi uku, mpaka petulo aonekere pakamwa penipeni kuti tho.

"Nanga chivindikiro ichi munachitenga kuti?"

"Chenicheni chinatsala pamzere. Ichi ndinagula pamsika, koma n'champhamvu madala, chimatseka kuti gwa. Mpweya sudutsa n'pang'ono pomwe."

"Eya," anatero amakaniko. "Khalani pansi, bwana."

Nkhani yake ili motere. Petulo sakhala phee m'thanki. Ndi msakanizo wa zinthu zambiri, zina zopepuka moti zimasanduka nthunzi ngakhale kukuzizira. Kukatentha ndiye zimachita kuthamanga. Amene anasiyapo chigubu cha petulo padzuwa anachiona chikufufuma mimba, ndipo amene anapungulapo m'chigubu chopanda kabowo kachiwiri anamva chikuti gubu gubu, nthiti zikulowa m'kati. Thanki ya galimoto imakumana ndi zonse ziwirizi tsiku lililonse. Ikaima padzuwa nthunzi imachuluka ndipo iyenera kupeza kotulukira. Ikamayenda, pampu imachotsamo mafuta, ndipo lita iliyonse yochokamo malo ake ayenera kulowamo mpweya. Petulo wa kuno amakhalanso wosakaniza ndi ethanol wa nzimbe, amene anayamba kupangidwa ku Dwangwa mu 1982 ndipo masiku ano amachokeranso ku Chikwawa konko, kumene alamu amadutsa. Ethanol akakhala wochepa m'petulo, msakanizowo umatulutsa nthunzi yambiri kuposa petulo payekha. Ndiye thanki ya kuno imafunika kupuma bwino kwambiri.

Magalimoto akale analibe nazo ntchito zimenezi: chivindikiro chinkakhala ndi kabowo, nthunzi n'kumangopita m'mwamba. Koma nthunziyo ndi mafuta amene mwini wake wagula ndi ndalama. Ikakumana ndi utsi wa magalimoto padzuwa imapanga chifunga choyabwa m'maso, chimene chinasautsa mzinda wa Los Angeles kwa zaka zambiri. Mulinso benzene, amene amadziwika kuti amayambitsa khansa ya m'magazi. N'chifukwa chake ku California analamula kuti magalimoto atsopano, kuyambira a 1970, azisunga nthunzi yawo. America yonse inatsatira mu 1971, ndipo mayiko ena opanga magalimoto, kuphatikizapo Japan, anachitanso chimodzimodzi. Njira imene anapeza ndi yomwe ikugwirabe ntchito lero, ndipo yagona pa makala.

Inde, makala. Pali kabokosi kakuda, amakaniko amati kanisita, kamene pa magalimoto ena kamakhala pansi pa boneti, pa ena pafupi ndi thanki. M'kati mwake muli timibulu ta makala, koma si a pambaula ayi. Awa amawapanga kuchokera ku mitengo kapena zigoba za kokonati, n'kuwawotcha mwapadera mpaka kambulu kalikonse kadzaze timabowo tosaoneka ndi maso. Timabowo ta galamu imodzi yokha titati titambasulidwe, tingakute malo okwana masikweya mita pafupifupi 1,000. Nthunzi ikachoka m'thanki kudzera pa kapaipi, imakakamira m'timabowomo, mpweya wamba n'kudutsa kutulukira kunja wopanda fungo. Galimoto ingaswere padzuwa tsiku lonse, makala akungosonkhanitsa mwakachetechete.

Akanati azingolandira, akanakhuta msanga. Ndiye pali kapaipi kena kochoka pa kanisita kupita ku injini, ndipo pakati pake pali kavalavu kamagetsi kotchedwa purge valve. Injini ikazima, kavalavuko kamatseka. Ikatentha bwino, galimoto ili paulendo, kompyuta imayamba kukatsegula ndi kukatseka kangapo pa sekondi iliyonse, injini n'kumayamwa mpweya wakunja kudzera m'makala muja. Mpweyawo umakokolola nthunzi n'kupita nayo kukapsa limodzi ndi mafuta ena, makala n'kutsala okonzeka kulandiranso. Thanki ikafuna mpweya, umalowera ku kanisita komweko kapena pa kavalavu kakang'ono ka m'chivindikiro chenicheni, kamene kamatseguka m'kati mukayamba kukoka. Pamwamba pa thanki palinso kavalavu kena kotseka njira galimoto ikagubuduzika, kuti petulo asakhuthuke. Ine ndimaona kuti pa zipangizo zonse za m'galimoto palibe china chanzeru koma chosalira zambiri chotere. Chilibe giya, chilibe lamba, sichifuna oyilo, ndipo chikasiyidwa pamtendere chimatha kukalamba limodzi ndi galimoto.

Alamu sanachisiye pamtendere. Opanga thanki amasiya dala malo opanda mafuta pamwamba, chifukwa petulo amafufuma akatenthedwa. Malita 40 ochokera m'thanki yozizira ya pansi pa nthaka akatentha ndi madigiri 15 amawonjezeka ndi kupitirira theka la lita. Malo amenewo ndi amene alamu ankawalanda ndi njerwa yawo ija. Petulo wamadzi, posowa kolowera, ankakwera kapaipi ka nthunzi n'kukamiza makala. Makala omira sagwiranso nthunzi. Amanyenyeka, tizidutswa take n'kuyenda m'paipi mpaka kukakamira mu purge valve, kavalavu n'kukhala yasa osatsekanso. Injini imayamba kuyamwa zinthu zimene kompyuta sinawerengere, ndipo n'chifukwa chake ya alamu inkanjenjemera ikaima pa maloboti.

Apa amakaniko anakodola alamu kuti adzaone okha. Anasolola kapaipi kochokera kuthanki, ndipo kumapeto kwake kunali bauti, lolowetsedwa bwinobwino, lomangidwa ndi waya mwaluso. Kalekale kanisita itayamba kudontha petulo, munthu wina wa sipanala anaona kuti njira yachidule ndi kutseka paipiyo. Kudontha kunasiyadi, ndalama yake analandira, alamu anamuthokoza n'kumugulira chakumwa. Njira imodzi yopumira inatha pamenepo, ndipo chivindikiro champhamvu cha pamsika chija chinabwera kudzamaliza yachiwiri. Ine ndinaseka mpaka kugwira mtengo wa mango.

Kuyambira pamenepo zonse zinayamba kumveka. Masana nthunzi inkakankha mpaka kupeza pofooka, pa gasiketi ya labala yozungulira pampu, pansi penipeni pa mpando wakumbuyo pamene tinkakhazika alendo olemekezeka. Paulendo zinkatembenuka: gasiketi ija inkamatirira, mpweya osalowa paliponse, pampu ikukoka mafuta m'thanki yotsekedwa. Thanki ikakhala yodzaza tho, mpweya wotsala pamwamba umakhala wochepa kwambiri, moti kungochotsamo malita ochepa, kukoka kwa m'kati kumakula msangamsanga. Onjezanipo kuzizira kwa madzulo ndi chitunda pamene injini imafuna mafuta ambiri, pampu inkagonja. Ndipo mphamvu ya kukokako si yamasewera. Mpweya wotizungulirawu umapanikiza pafupifupi kilogalamu imodzi pa sikweya sentimita iliyonse. M'kati ukachepa ndi gawo limodzi lokha mwa magawo 10, mbali ya thanki yokula theka la sikweya mita imakhala itasenza makilogalamu 500. Dugu uja inali thanki ikudziwongola. Wina asati ndi nthano za pansi pa mango: mu 2011 kampani ya Mazda inaitanitsa magalimoto a Mazda6 oposa 50,000 ku America, chifukwa akangaude ankaluka ukonde m'kapaipi kopumira, ndipo panali mantha akuti thanki ingang'aluke. Alamu atamva zimenezi anatonthozedwa pang'ono, ati bola iwo anagonja kwa chitsulo.

Nanga kha kha wa pomwetsa mafuta? Ameneyo anali mlandu wapadera. Kunsonga kwa mpopi kuli kabowo kamene kamayamwa mpweya mafuta akamatuluka. Petulo akangokatseka, mpopi umadula wokha. Malita 30 akamalowa m'thanki, malita 30 a mpweya ayenera kutuluka, ndipo pa galimoto ngati iyi amadzera pa paipi yaing'ono yoyenda m'mbali mwa khosi la thanki. Ya alamu inali itapindika chipanikizireni pamene ankawongola kumbuyo galimoto itagundidwa. Mpweya unkalimbirana njira ndi petulo m'khosi lalikulu, petulo n'kubwerera kudzanyowetsa kabowo kaja thanki isanafike n'pakati pomwe.

Alamu anafunsa chifukwa chake nyali sinawachenjeze. Magalimoto opangidwira msika wa America anayamba kudziyeza okha cha mu 1996: kompyuta imatseka njira zonse n'kuona ngati mpweya wa m'thanki ukuthawa. Imazindikira kabowo ka milimita imodzi, atsopano ngakhale ka theka la milimita, n'kuyatsa nyali ya check engine. Makina akalumikizidwa amaonetsa nambala monga P0455 kapena P0442, ndipo kawirikawiri wolakwa amakhala chivindikiro chosamangitsa. Ya alamu inalibe nzeru imeneyo. Inkadalira mphuno zathu.

Pokonza, amakaniko anayamba n'kuchotsa waya wa batire, n'kuthamangitsa mnyamata wina amene anabwera kudzaonerera ndudu ili pakamwa. Nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya, imakwawa pansi n'kukadikira moto m'dzenje. Kanisita ina inapezeka kwa ogulitsa masipeya a magalimoto ophwasulidwa. Anaiyeza padzanja poyerekeza ndi yakale, imene inali ndiindii ndi petulo, anaigwedeza kuti amve ngati makala sakuyendayenda, n'kuona ngati mpweya ukudutsa. Purge valve anaiyesa pa batire: kulumikiza, tcha, mpweya kudutsa, kuchotsa, tcha, mpweya kuima. Mapaipi anawapopa mpaka tizinyenyeswa ta makala tonse titatuluka. Gasiketi yatsopano, paipi yatsopano ya m'mbali mwa khosi, chivindikiro chenicheni cha mtundu wa galimotoyo. Zonse pamodzi sizinafike pa mtengo wa pampu ija anaichotsa isanafe. Bauti analipereka kwa mwini wake ndi manja awiri.

"Ili musataye, bwana. Mukamangire pa geti."

Tinapita kukayesa pa filing'i siteshoni yomwe inkatidziwa bwino. Mnyamata amene analephera kuthawa analowetsa mpopi, n'kufinya mokayika, nkhope atayang'anitsa kumbali. Mafuta anangoti wowowo. Manambala akuthamanga, malita 10, malita 20, malita 30, kha osamveka. Mnyamata anawerama n'kusuzumira pansi, kuti mwina thanki yabooka ndipo akuthirira simenti. Pansi pali gwa, pouma. Anzake anatuluka mu ofesi muja mmodzimmodzi kudzaona zodabwitsa. Pomaliza kha mmodzi, womveka bwino, wa nthawi yake. Mwa chizolowezi mnyamata anaika dzanja padenga la galimoto kuti ayambe kugwedeza, ndipo alamu anakuwa moti mayi wogulitsa nthochi patsidya la msewu anatembenuka:

"Iwe! Chotsa dzanja! Ukufuna undimizire makala?"

Mnyamata anasuzumira pawindo lakumbuyo kufunafuna thumba la makala. Sanalione, ndipo mpaka lero ndikhulupirira amati madala aja mafuta anawalowa m'mutu.

Pa maloboti oyamba injini inakhala bata moti alamu anaganiza kuti yazima, n'kupotokola kiyi, sitata n'kulira kuti kwerrr anthu onse akuona. Sanachite manyazi n'komwe. Anangoti, "Mwamva, alamu? Ikulira koma simukuimva!" Ulendo wa ku Nchalo tinapita tonse, achemwali ali kumbuyo pa mpando womwe uja, mawindo otseka, akusenda nthochi. Pobwerera madzulo, thanki yodzaza mwaulemu wake, tinadutsa pa Thabwa aliyense ali chete. Galimoto inangoti myaa. Pa makona ena m'mbali mwa msewu panali miyala imene alamu ankaikumbukira bwino, chifukwa anaisiya okha, ndipo uliwonse ankauliza hutala poudutsa: uwu ndi wa tsiku la mvula lija, uwu ndi wa tsiku tinanyamula abusa, uwu ndinauchotsa kutali, n'ngolemera. Titafika pamwamba anaima pambali n'kutiitana tonse kuti tidzamvere chivindikiro. Anachipotokola. Panangomveka kaphokoso kakang'ono kuti fu, basi. Achemwali analulutira pamsewu pomwepo.

Alamu tsopano akulengeza kuti galimoto ikumwa theka la mafuta amene inkamwa. Pamenepo ndiye ndikukana. Nthunzi imene makala amapulumutsa pa tsiku si yambiri moti munthu angaione m'thumba msanga. Chimene chasintha n'chakuti gasiketi yasiya kutaya, injini yasiya kuyamwa zosawerengeredwa, ndipo petulo wa pakamwa uja, amene ankangothera m'makala ndi pansi, sakugulidwanso. Phindu lilipo, koma theka ndi mawu a munthu wokondwa. Sindikuwatsutsa pagulu. Chambo chikufika kukhitchini chikununkhira chambo, maulendo a kumudzi tikuchita kulembetsa mayina, ndipo azakhali aja a anthu ansanje anatenga mpando wakutsogolo, ati mapemphero awo ndiwo anagwira ntchito.

Vuto latsopano n'lakuti alamu asanduka katswiri wa makala dera lonse. Loweruka lina aneba awo, madala opuma pantchito amene ali ndi pikapu ya dizilo, anadandaula kuti galimoto ikuvuta kulira m'mawa. Alamu sanadikire kupemphedwa. Anayala katoni, analowa pansi, anafufuza kuyambira kuthanki mpaka ku injini, n'kutuluka nkhope ili bii ndi girizi kudzalengeza kuti kanisita ya madala anaba. Madala anayamba kale kuwerenga pa zala anyamata onse amene anatsukapo galimotoyo. Kuti umboni ukwane, alamu anaimbira amakaniko a ku Ndirande, foni ataika pa sipika kuti aliyense amve. Amakaniko anamvetsera mpaka pamapeto. Kenako anafotokoza kuti dizilo satulutsa nthunzi yambiri ngati petulo, ungamusiye padzuwa la ku Nsanje, kavalavu kopumira kamakwanira, ndipo opanga pikapuyo sanaikemo kanisita chiyambire.

"Anyamatawo alibe mlandu, bwana," anatero. "Inu kasambeni. Madalawo muwauze abwere nayo Lolemba, tione ma heater plug."